Banki imene siinayese njira yobwerera isamanene kuti imawadziwa makina ake

Lamlungu pa 17 Juni 2012, akatswiri a makompyuta a gulu la mabanki la RBS ku Britain anaika mtundu watsopano wa pulogalamu imene imandandalika ntchito za usiku pa makina awo akuluakulu, aja amatchedwa mainframe. Ntchito za usikuzi ndi zimene zimalowetsa malipiro m'maakaunti a anthu, kudula ndalama za ngongole, ndi kuwerengetsa kuti pofika m'mawa aliyense watsala ndi zingati. Ataona kuti mtundu watsopanowo ukuvuta, Lachiwiri anauchotsa n'kubwezeretsa wakale. Kutacha Lachitatu pa 20 Juni, makasitomala oposa 6.5 miliyoni a RBS, NatWest ndi Ulster Bank anali pamoto. Malipiro sanalowe, ngongole za nyumba sizinalipidwe pa nthawi yake, ena amene anali paulendo kunja kwa dziko anasowa potapa ndalama, ndipo makampani ena analephera kulipira antchito awo. Ku RBS ndi NatWest panapita pafupifupi sabata kuti zinthu zikhazikike, pomwe ku Ulster Bank anthu anazunzika milungu pafupifupi itatu. Mu Novembala 2014 mabungwe awiri oyang'anira mabanki m'dzikolo, FCA ndi PRA, analipiritsa gululi chindapusa cha mapaundi 56 miliyoni.

Anthu ambiri atamva nkhaniyi anathamangira kunena kuti makina ndi okalamba. Mawu amenewa ndi osavuta kuwanena, ndipo amakoma kwambiri m'kamwa mwa munthu amene akugulitsa makina atsopano. Koma lipoti la FCA linaloza kwina. Linati mtundu watsopano wa pulogalamuyo sunkagwirizana ndi wakale, ndipo amene anaganiza zouchotsa sanayambe ayesa kuti aone chimene kuchotsako kungabale. Nyuzipepala zolemba za makompyuta zinati pulogalamuyo inali CA-7, imene mabungwe ambiri akuigwiritsabe ntchito mpaka lero popanda phokoso lililonse. Makina anachita zimene anauzidwa. Panasowa munthu wopatsidwa nthawi ndi mphamvu zoimitsa ntchitoyo mpaka njira yobwerera itayesedwa.

Apa ndi pamene pagona maganizo anga. Kumvana kwa mapulogalamu akale ndi atsopano, kumene mainframe imatchuka nako, ndi ntchito imene anthu amaigwira mwezi ndi mwezi, ndipo ikasiyidwa imaphwasuka. Akuluakulu a mabungwe ambiri amakuona ngati katundu amene anabwera m'bokosi limodzi ndi makina. Chifukwa cha kaonedwe kameneka amachepetsa anthu ogwira ntchitoyo, amafupikitsa nthawi yoyesera, ndipo gawo limene limayamba kudulidwa ndi loyesa kubwerera m'mbuyo, poti palibe bwana amene amakonda kulipirira ulendo umene akuyembekeza kuti sadzayenda.

Chidaliro chopitirira muyesochi chili ndi kumene chinachokera. Chisanafike chaka cha 1964, IBM, kampani yopanga ma mainframe, inkagulitsa mabanja angapo a makompyuta amene sankamvana: 1401 ya ntchito za m'maofesi, 7090 ya asayansi, ndi ena. Kampani ikakula n'kufuna makina amphamvu, inkayenera kulembanso mapulogalamu ake. Ndiye kuti nthawi iliyonse yogula makina atsopano inalinso nthawi imene kasitomala akanatha kuthawira kwa wina, popeza kulembanso kunali komudikira kulikonse kumene angapite. Kampani yopikisana nayo ya Honeywell inauona mpatawu, ndipo mu 1963 inatulutsa makina a H-200 pamodzi ndi pulogalamu yotchedwa Liberator, imene inkasandutsa mapulogalamu a 1401 kuti ayende pa makina ake. Pa 7 Epulo 1964 IBM, ili m'manja mwa Thomas Watson Jr., inalengeza System/360, ntchito imene inadya madola pafupifupi 5 biliyoni a nthawi imeneyo. Akatswiri ake Gene Amdahl, Fred Brooks ndi Gerrit Blaauw analekanitsa zinthu ziwiri zimene kale zinali zomatana: zimene pulogalamu imaona, ndi mmene makina apangidwira m'kati. Malamulo a zimene pulogalamu imaona analembedwa m'buku lotchedwa Principles of Operation, ndipo makina onse a m'banjali, aang'ono ndi aakulu, ankayenera kuwamvera. Amene anali ndi mapulogalamu a 1401 anapatsidwa njira yoti makina atsopanowo azidzisandutsa 1401, kuti asamuke popanda kutaya chilichonse.

Lonjezolo lasungidwa, ndipo apa IBM tiipatse ulemu wake. Mibadwo yatsopano ya makinawa yakhala ikutsatizana: System/370 inabwera mu 1970, XA mu 1983, ESA/390 mu 1990, z/Architecture mu 2000, z16 mu 2022 ndi z17 mu 2025. Pulogalamu yaikulu yoyendetsa makinawa yasintha maina kuchoka pa OS/360, kudzera pa MVS ndi OS/390, mpaka z/OS imene inayamba mu 2001. M'zaka zonsezi, pulogalamu ya kampani imene inalembedwa motsata malamulo m'zaka za m'ma 1970 itha kuyendabe lero osakhudzidwa n'komwe. Kwina kulikonse zimenezi ndi zachilendo. Python 3, mtundu watsopano wa chinenero china cholembera mapulogalamu, inatuluka mu 2008 yosamvana ndi Python 2, ndipo anthu anakokanakokana zaka zoposa khumi mpaka wakaleyo anasiyidwa pa 1 Januwale 2020. Apple inangotseka chitseko cha mapulogalamu ambiri akale a makompyuta ake mu macOS Catalina mu 2019, wolira alire. Mu 1991 mlembi wa nkhani za makompyuta Stewart Alsop analosera kuti mainframe yomaliza idzazimitsidwa pa 15 Malichi 1996. Analosera moyang'ana makina okha, osawerengera mulu wa mapulogalamu amene palibe ankafuna kuwalembanso.

Koma walira mvula walira matope. Aliyense amene anakhalapo patsogolo pa sikirini yakuda ya zilembo zobiriwira ija amadziwa kuti zosankha za 1964 zikulipiridwabe. System/360 inkagwiritsa ntchito ma bit 24 (bit ndi kanambala kamodzi ka 0 kapena 1) poloza malo mu memory, mmene pulogalamu imakhala ikamayenda, kutanthauza kuti pulogalamu inkatha kuona mamegabayiti 16 basi. Malo osungira adiresi anali a ma bit 32, choncho ma bit 8 ankatsala opanda ntchito, ndipo olemba mapulogalamu, kuphatikizapo a IBM eni ake, anayamba kubisamo tizizindikiro tawo. Itafika nthawi yokulitsa memory, zinaoneka kuti kungotenga ma bit onse 32 kukanapha mapulogalamu osawerengeka. N'chifukwa chake XA inatenga 31, n'kusiya bit imodzi kuti izinena ngati pulogalamu ikuyenda mwakale kapena mwatsopano. Kuyambira pamenepo pulogalamu iliyonse imanyamula zizindikiro ziwiri, AMODE ndi RMODE, zonena kutalika kwa maadiresi amene imamva ndi kumene ingaikidwe. Mpaka lero, pa makina okhala ndi materabayiti a memory, akatswiri amadandaula za kuchepa kwa malo pansi pa mzere wa mamegabayiti 16, chifukwa mapulogalamu akale onse amapanikizana kumeneko pamodzi ndi zigawo zina za system.

Zina ndi zongoseketsa. Chinenero cholamulira ntchito, JCL, chimalembedwabe m'mizere ya zilembo 80 chifukwa khadi loboola la IBM la 1928 linali ndi malo a zilembo 80, ndipo malo asanu ndi atatu omaliza amasiyidwabe a manambala amene ankathandiza kusanja makadi akamwazika pansi. Dzina la fayilo silipitirira zilembo 44. Malo pa disiki amapemphedwa m'ma track ndi ma cylinder a disiki ya 3390 ya mu 1989, ma track 15 pa cylinder iliyonse, ngakhale kuti pansi pake pali zosungira zamakono za flash zimene zilibe kanthu kozungulira. Zimenezi sizipweteka munthu. Zimangochititsa kuti wachinyamata wochoka ku yunivesite aone ngati walowa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale, n'kuyamba kufunsira ntchito kwina.

Chimene chimapweteka ndi kusamvetsa malire a lonjezolo. IBM inalonjeza za mapulogalamu amene amadutsa pa makomo ovomerezeka. Siinalonjeze za pulogalamu imene imasuzumira m'matebulo a m'kati mwa system, kapena za tizidutswa ta mapulogalamu a chinenero cha assembler totchedwa ma exit timene kampani iliyonse inasokerera m'makina ake zaka makumi atatu zapitazo. Mapulogalamu a makampani ena, monga ondandalika ntchito za usiku, oteteza, ndi osunga makope, amakhala pafupi kwambiri ndi mtima wa system, ndipo aliyense ali ndi kalendala yake ya mitundu. Komanso IBM imachotsa zinthu. ISAM, njira yakale yosungira mafayilo, inachotsedwa mu z/OS 1.7 mu 2005. CICS, pulogalamu yoyendetsa ntchito za pompopompo, itafika pa mtundu wa TS 3.1 inasiya kuyendetsa mapulogalamu olembedwa mu OS/VS COBOL, mtundu wakale wa chinenero cha COBOL. Makina a z13 anali omaliza kulola system yonse kudzuka m'kachitidwe ka ESA/390. Zochotsedwazi zimalengezedwa zaka zingapo zisanachitike, koma chilengezo chimafuna wochiwerenga, ndipo wowerengayo ayenera kudziwa ngati m'mapulogalamu zikwizikwi a kampani yake muli ina imene ikudalira chinthu chikuchotsedwacho.

Wowerengayo ndi system programmer, amene anzake amangomutchula kuti sysprog. Ntchito yake ikayenda bwino palibe amene amadziwa kuti alipo. Chida chake chachikulu ndi SMP/E, pulogalamu imene imasunga mbiri ya kachidutswa kalikonse ka system: kanachokera kuti, kali pa mlingo wanji, kakudalira ziti. Zokonza zochokera kwa wopanga, zotchedwa ma PTF, zimadutsa masitepe. Poyamba RECEIVE, kungozilandira. Kenako APPLY CHECK, kufunsa kuti zikanaikidwa chikanachitika n'chiyani, popanda kusintha kanthu. Kenako APPLY yeniyeni, ndipo sysprog wanzeru saichita pa disiki imene makina akuyendera, amaichita pa kope. Makina amadzutsidwa kuchokera pa kopeyo, kudzutsa kumene amakutcha IPL, ndipo disiki yakale imasiyidwa osakhudzidwa kuti zikavuta adzukirenso pomwepo. Sitepe yomaliza, ACCEPT, imachedwetsedwa dala kwa milungu kapena miyezi, chifukwa ukangoichita lamulo la RESTORE silingakubwezenso kumene unali. Palinso HOLDDATA, mndandanda wa machenjezo umene umanena kuti PTF yakutiyakuti yapezeka ndi vuto, kapena kuti musanaiike muyambe mwachita chakuti. Kuwerenga machenjezo amenewa n'kotopetsa kwambiri, ndipo ndi pamene pamasiyanira sysprog weniweni ndi wongodina mabatani.

Taonani kuti dongosolo lonseli linamangidwa poganizira kubwerera. Mfundo imeneyi imaonekera bwino pa makina olumikizana. Kuyambira 1994, Parallel Sysplex imalola ma system mpaka 32 kugwira ntchito ngati amodzi, akugawana mafayilo. Banki imatha kuzimitsa imodzi, kuikweza, kuidzutsa, ena akugwirabe ntchito, kenako n'kupita pa yotsatira. Ndiye kuti kwa milungu ingapo mtundu wakale ndi watsopano zimalemba ndi kuwerenga mafayilo amodzimodzi. IBM imatulutsa z/OS yatsopano zaka ziwiri zilizonse, imaithandiza zaka zisanu, ndipo imalola mitundu itatu yotsatizana kukhalira limodzi. Koma kukhalira limodziko kuli ndi lamulo lake: musanabweretse watsopano, muyambe mwaika zokonza zapadera pa wakale, zomuphunzitsa kuti akakumana ndi zolemba za mnzakeyo asadabwe. Db2, nkhokwe ya data imene inayamba mu 1983, imachita chimodzimodzi ndipo imanena mosabisa pamene pali malire. Mukasamuka kuchoka pa Db2 11 kupita pa 12, mutha kubwerera malinga ngati simunatsegule zinthu zatsopano. Mukangozitsegula, khomo lakumbuyo latsekeka.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva, ngakhale kwa munthu amene sanaionepo mainframe. Kubwezeretsa pulogalamu yakale n'kophweka, kope yake ilipo. Chovuta ndi zimene yatsopanoyo yalemba pa masiku amene yakhala ikugwira ntchito. Ngati yasintha kalembedwe ka marekodi ake, yakaleyo ikabwerera ipeza zolemba zimene siziwerengeka kwa iyo, ndipo itha kuzikana, kapena choipa kwambiri, kuziwerenga molakwa n'kupitiriza ngati zonse zili bwino. Pa pulogalamu yondandalika ntchito za usiku ngoziyo imakula kawiri, chifukwa ndiyo imadziwa kuti ntchito iti iyambe iti itatha. Ikasokonekera, anthu amayenera kulondola pamanja ntchito zambirimbiri zodalirana, ndipo usiku wa lero sungayambe wa dzulo usanathe. Tsiku lililonse lochedwa limaunjika ntchito ina pamwamba pa yosatha. Umu ndi mmene cholakwa cha usiku umodzi chimasandukira mavuto a milungu. Kuyesa kubwerera kumatanthauza kuika mtundu watsopano pa makina oyeserera, kuusiya ugwire ntchito yofanana ndi yeniyeni mpaka ulembe zolemba zake, kenako kuuchotsa n'kuona ngati wakale angapitirize. Ndi ntchito ya masiku angapo, ndipo pa pepala la bajeti imaoneka ngati kutaya nthawi.

Pali ngozi ina imene imabwera chifukwa chakuti lonjezo la IBM limasungidwa bwino kwambiri. Pulogalamu imene ikuyenda popanda kukhudzidwa kwa zaka 30 imaiwalika. Amene anailemba anapuma ntchito, zikalata zake zinasochera, ndipo nthawi zina ngakhale source code, mawu enieni amene munthu analemba asanasandutsidwe kukhala malamulo a makina, sapezekanso, kapena amene alipo sakufanana ndi chimene chikuyenda. Vutoli ndi lofala moti IBM imagulitsa chida chotchedwa Automatic Binary Optimizer, chimene chimafulumizitsa mapulogalamu a COBOL osafuna source code. Chidacho n'chanzeru, koma kwa ine kupezeka kwake pamsika ndi umboni wotsutsa makasitomala ake.

Zimene zinachitika ndi compiler ya COBOL, pulogalamu imene imasandutsa source code kukhala malamulo a makina, zikuonetsa bwino mmene kuiwalaku kumabisira matenda. Enterprise COBOL 5 inatuluka mu 2013, ndipo 6 mu 2016, zili ndi njira yatsopano yosandutsira mapulogalamu kuti agwiritse ntchito mphamvu za makina amakono. Makampani atayamba kudutsitsamo mapulogalamu awo akale, ena anayamba kutulutsa mayankho osiyana ndi akale, ena n'kumagwa ndi S0C7, nambala imene aliyense wa mainframe amaidziwa ngati dzina la mwana wake: makina apeza chinthu chosakhala nambala pamalo a nambala. Compiler yatsopano siinalakwe. Kwa zaka zambiri mafayilo anali ndi data yolakwika, monga mipata yopanda kanthu pamalo oyenera manambala, ndipo malamulo a makina amene compiler yakale inkasankha ankangodutsa pamwamba pake mwamwayi. IBM inachita kuwonjezera zosankha monga NUMCHECK kuti anthu azigwira data yoteroyo poyesa. Kampani imene inkadutsitsa mapulogalamu ake mu compiler kawirikawiri inakumana ndi mavutowa pang'onopang'ono. Imene inadikira zaka 20 inawapeza onse tsiku limodzi, ndipo ena mwa mabungwe otero anangoganiza zosakhudza chilichonse, zomwe ndi kukankhira ngongoleyo kwa amene adzabwere.

Wina anena kuti zonsezi ndi zifukwa zokwanira zochokera pa mainframe. Mtsutso umenewu suyenera kunyozedwa. Kugwirizana kumene kunamasula makasitomala mu 1964 ndi komwenso kunawamanga. Kale kunali opikisana: Gene Amdahl anachoka ku IBM n'kuyambitsa kampani yake mu 1970, ndipo iyo pamodzi ndi Hitachi ankagulitsa makina oyendetsa mapulogalamu omwewo pa mtengo wotsika. Itabwera z/Architecture ya ma bit 64 mu 2000, opikisanawo sanatsatire, ndipo kuyambira pamenepo wofuna kuyendetsa z/OS ali ndi sitolo imodzi yokha. Malipiro a mwezi ndi mwezi a mapulogalamu akhala akuwerengedwa potengera mphamvu imene makina agwiritsa ntchito, moti ma sysprog ena amathera nthawi yambiri akusuntha ntchito kuti bilu itsike kusiyana ndi kukonza makina. Opanga mapulogalamu othandizira nawonso akuchepa: Broadcom inagula CA, mwini wa CA-7, mu 2018 pa madola 18.9 biliyoni. Ndipo lonjezo la wopanga limatha tsiku limene wopangayo watopa. Fujitsu inalengeza mu 2022 kuti idzasiya kugulitsa ma mainframe ake mu 2030 ndi kusiya kuwathandiza mu 2035. Makasitomala ake, ambiri a ku Japan, akusamuka kaya akufuna kaya sakufuna.

Komabe kusamuka sikuchotsa funso la kugwirizana, kumangolikulitsa. Mu Epulo 2018 banki ya TSB ya ku Britain inachotsa makasitomala ake 5.2 miliyoni pa makina akale a banki ya Lloyds n'kuwaika pa dongosolo latsopano la Proteo4UK, lomangidwa ndi gulu la Sabadell la ku Spain limene linagula bankiyo. Anasamutsa pafupifupi onse kumapeto kwa sabata imodzi. Data inafika bwino, koma dongosolo latsopanolo linayamba kugwa nthawi yomweyo. Anthu analephera kulowa m'maakaunti awo, ena anaona maakaunti a eni ake, akuba anapezerapo mwayi, ndipo zinthu sizinabwerere m'chimake mpaka Disembala. Mkulu wa bankiyo, Paul Pester, anatula pansi udindo mu Seputembala chaka chomwecho. Mavutowa anadyera bankiyo mapaundi pafupifupi 330 miliyoni, ndipo mu Disembala 2022 inalipiritsidwanso chindapusa cha mapaundi 48.65 miliyoni. RBS inali pa makina akale, TSB inali kuthamangira atsopano, koma zonse zinapunthwa pa kuyesa kosakwanira ndi kusowa pothawira zinthu zitavuta. Kusamuka kumatheka. Commonwealth Bank ya ku Australia inasintha dongosolo lake lalikulu la maakaunti, koma inatenga zaka pafupifupi zisanu ndi madola a ku Australia oposa 1 biliyoni, ikusamutsa pang'onopang'ono. Ndipo kuti usamutse pulogalamu uyenera kudziwa chimene imachita, kutanthauza kuti anthu amene bungwe linawachotsa ponena kuti makina akale safuna manja ambiri ndi omwewo amene likuwafuna kuti lichoke pa makinawo.

Mu Epulo 2020, mliri wa Covid-19 utachotsa anthu ambiri ntchito, bwanamkubwa wa New Jersey ku America, Phil Murphy, anapempha poyera anthu odziwa COBOL kuti adzipereke kuthandiza pa makina olipira amene achotsedwa ntchito, amene anati ndi a zaka zoposa 40. Dziko lonse linaseka COBOL. Ine chinandidabwitsa ndi mawu oti kudzipereka. Boma limene linadalira makina amenewa zaka makumi anayi linafika popempha thandizo laulere pa ntchito imene linayenera kukhala likulipira ndi kuphunzitsa anthu ake. COBOL yokha munthu amaiphunzira m'miyezi yochepa, chinenero chake n'chosavuta. Chimene chimatenga zaka ndi kudziwa makina a bungwe limodzi: chifukwa chimene exit inayake inalembedwera, ntchito iti ya usiku imene siyenera kuyambitsidwa kawiri, fayilo iti imene ma system awiri amagawana ngakhale palibe pamene zinalembedwa. Nzeru zimenezi zimapatsirana pokhala pambali pa wamkulu usiku wa Loweruka pamene akukweza system, ndipo sizigulidwa kwa kontrakitala amene wabwera mwezi watha. Bungwe limene lili ndi sysprog mmodzi wa zaka 62 ndipo palibe wachinyamata wokhala pambali pake lasankha kale tsiku la ngozi yake, kungoti silinalilembe pa kalendala.

Owerenga amene malipiro awo amadutsa m'mabanki akuluakulu a ku South Africa kapena ku Britain, ndalama zawo zimagona pa makina amenewa usiku uliwonse. Kwa amene tili ndi maakaunti m'mabanki ang'onoang'ono amene sagwiritsa ntchito mainframe, nkhaniyi ikutikhudzabe, chifukwa tonse timaudziwa uthenga wa pa foni uja wotiuza kuti kumapeto kwa sabata ma ATM ndi ntchito za pa foni siziyenda poti akukonza makina. Uthengawo umanena nthawi imene ayembekeza kumaliza. Sunena chimene adzachite zikakanika. Ndikanakonda oyang'anira mabanki, kulikonse kumene ali, azifunsa funso limeneli ntchito isanayambe, ndipo asamalandire yankho la pakamwa. Azifuna kuona tsiku limene kubwererako kunayesedwa, pa data yochuluka bwanji, kunatenga maola angati, ndi ora limene likadutsa kubwerera sikungathekenso. Komiti yoyang'anira banki nayonso itha kufunsa mafunso amenewa popanda kudziwa chilichonse cha SMP/E. Ingowonjezerapo lina: mwa mapulogalamu amene akuyenda usiku uno, ndi angati amene source code yake ilipo ndipo yatsimikizidwa kuti ikufanana ndi chimene chikuyenda?

Funso lomalizali lili ndi tsiku lake lodzayankhidwa. Wotchi ya m'kati mwa mainframe, imene inabwera ndi System/370, imawerenga nthawi kuyambira pa 1 Januwale 1900 m'malo a ma bit 64, ndipo malowo adzadzaza pa 17 Seputembala 2042, wotchiyo n'kuyambiranso pa ziro. IBM inachita kale mbali yake. Pali lamulo la STCKE limene limapereka nthawi m'malo otalikirapo kusiyana ndi STCK, lamulo lakale lowerengera wotchiyo, makina a z14 anabwera ndi njira yowerengera nyengo yotsatira, ndipo Db2 11 inakulitsa manambala a mu log yake, kaundula wa zonse zimene zasinthidwa, kuchoka pa ma byte 6 kufika pa 10. Koma kwa zaka makumi asanu olemba mapulogalamu m'mabanki, m'makampani a inshuwalansi ndi m'maboma akhala akutenga nambala ya STCK n'kuisunga m'mafayilo awo, ena n'kuisandutsa kiyi ya rekodi, podalira kuti nambala ya mawa idzakhala yaikulu kuposa ya lero. Tsiku limenelo likadzafika mapulogalamuwa sadzagwa, adzapitiriza kuyenda monga analonjezedwa, akuona za 2042 ngati zakale kuposa za 1985. IBM singawapeze, chifukwa ali m'malaibulale a makasitomala. Pa Y2K, vuto la madeti limene linkaopedwa polowa chaka cha 2000, mabungwe anaitana anthu opuma ntchito amene analemba mapulogalamuwo, ndipo ambiri anali adakali ndi mphamvu zobwera. Munthu amene anali ndi zaka 30 mu 1980 adzakhala ndi zaka 92 mu 2042.